Nkhodolero Ilibe Mlandu

M'masiku ano, pamene mabuku a kaundula a m'masukulu, makalata a m'maofesi, nyimbo za m'nyumba zoulutsira mawu ndi zolembedwa za m'mipingo zachoka m'makabati ndi kukakhala m'makompyuta, pabuka kantchito kena kamene ambiri amakayesa kachabe, chikhalirecho nkokhoza kusunga kapena kuwononga chuma chosonkhanitsidwa zaka zambiri. Kantchitoko ndi kusintha dzina la fayilo. Dzinalo likakhala la zilembo wamba, zonse zimatha m'kuphethira kwa diso. Koma likakhala ndi mpata pakati pa mawu, kapena nkhodolero monga ya m'mawu akuti ng'ombe ndi m'mudzi, kapena w wa kadenga pamwamba monga m'mene mabuku akale amalembera Malaŵi, makina amaoneka ngati achita mwano, ndipo munthu wosaleza mtima amafulumira kugamula kuti zizindikiro zoterezi nzosokoneza, ziyenera kufafanizidwa zonse. Chigamulo chimenechi chafala pakamwa pa anyamata ndi atsikana athu odziwa za makompyuta, ndipo ine ndikuchikana ndi mtima wonse, pakuti chikulanga wosalakwa ndi kuphunzitsa ana athu kuti chinenero chawo ndicho chiyenera kugwadira chipangizo.

Ambiri a ife tidazolowera kusintha dzina la fayilo poloza ndi mausi, kudina ndi kulemba dzina latsopano, ndipo njira imeneyi njokwanira ngati mafayilo ali awiri kapena atatu. Koma amene wapatsidwa mafayilo zikwizikwi kuti awakonze dzuwa lisanalowe, kapena amene akusamalira kompyuta yaikulu ya kutali imene ilibe zithunzi zoti aloze, amatsegula zenera lakuda lotchedwa terminal, m'mene munthu amalankhula ndi makina polemba malamulo mzere ndi mzere. Kalankhulidwe kameneka nkakale ndithu. Kadakhwimira mu Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie adayamba kuimanga ku Bell Labs m'dziko la America m'chaka cha 1969, ndipo kadapitirira mu Linux, imene Linus Torvalds adaitulutsa ali wophunzira ku Helsinki mu 1991, komanso m'makompyuta a Apple a masiku ano. M'banja lonseli lamulo losinthira dzina ndi la zilembo ziwiri zokha, mv, lotsatiridwa ndi dzina lakale, kenako latsopano. Chimene ambiri sachidziwa nchakuti omanga Unix adali owolowa manja kwambiri pa nkhani ya maina, pakuti m'dzina la fayilo adaletsamo zinthu ziwiri zokha: kamzere kopendeka (/) kamene kamalekanitsa foda ndi inzake, ndi chizindikiro chosaoneka chotchedwa NUL chimene chimasonyeza pothera mawu. Zina zonse, kaya mpata, nkhodolero, mfunsiro, kanyenyezi, ngakhale kudumphira mzere wina, nzololedwa. Choncho lamulo likakana, tisamati disiki yanyansidwa ndi chinenero chathu.

Nanga chikhumudwitso chichokera kuti? Pakati pa zala za wolemba ndi pulogalamu ya mv pali wina wachitatu, pulogalamu yotchedwa shell, imene ili ngati mthenga wa kubwalo la mfumu, amene asanapereke uthenga amayamba waumva yekha, naugawa m'zigawo, namasulira zizindikiro zina monga mwa mwambo wake. Mwambowo adaukhazikitsa ndi Stephen Bourne m'shell yake imene idatuluka mu 1979, ndipo Brian Fox adautengera mu bash ya mu 1989, imene ikugwira ntchito m'makompyuta ambiri a Linux kufikira lero. Kwa mthenga ameneyu mpata utanthauza kuti mawu ena atha ndipo ena akuyamba. Kanyenyezi kaimira zilembo zilizonse, zochuluka kapena zochepa. Mfunsiro uimira chilembo chimodzi. Chizindikiro cha dola chimutuma kukatenga mawu osungidwa pena. Ndipo nkhodolero imuuza kuti mtengero watsegulidwa, adikire wina wotsekera. Iye sadziwa Chichewa, sadziwa Chingerezi; adziwa mwambo wake wokha, ndipo sauphwanya ndi kamodzi komwe. M'kuuma mutu kwakeko muli ngozi, koma mulinso mpumulo wathu, pakuti amene sasinthasintha ngosavuta kumuphunzira.

Tiyeni tione ndi maso. Mlembi wa pasukulu ali ndi fayilo yotchedwa kalata ya makolo.txt, ndipo afuna kuifupikitsa dzina. Akalemba mv kalata ya makolo.txt kalata.txt, shell imawerenga maina anayi, mv niganiza kuti yatumidwa kusamutsa mafayilo atatu kupita m'foda ya dzina lachinayilo, ndipo posaipeza fodayo imadandaula nileka. Apo palibe chawonongeka. Koma likadakhala lamulo lofafaniza, la rm, ndipo m'fodamo mukadakhala fayilo ina yongotchedwa kalata, imeneyo ndiyo ikadapita, yofunidwayo nkutsala. Mankhwala ake ngapafupi, kungokuta dzina lonse m'mitengero, motere: mv "kalata ya makolo.txt" kalata.txt. Mlembi yemweyo akalemba mv ng'ombe.txt ziweto.txt ndi kudina Enter, makina sayankha kanthu. Pamzere wotsatira pamangooneka kachizindikiro aka > ndi kamzere kophethiraphethira pambali pake. Wosadziwa amati kompyuta yaima, nadinanso Enter kawirikawiri, tizizindikiro tija nkumangochulukana pansi pa tinzake. Chikhalirecho shell ikungodikira nkhodolero yachiwiri yotsekera mtengero umene ikuyesa kuti watsegulidwa. Adine Ctrl ndi C pamodzi kuti abwerere poyambira, kenako alembe mv "ng'ombe.txt" ziweto.txt, kapena aike kamzere kopendekera kumbuyo patsogolo pa nkhodoleroyo, ng\'ombe.txt, kamene kamauza shell kuti chizindikiro chotsatiracho ichisiye monga chilili. Palinso njira ina yoposa zonsezi m'kufewa kwake, ndiyo kulemba zilembo zoyamba za dzinalo ndi kudina batani la Tab, shell nimaliza yokha dzina lonse, itaika kale zotetezera pamene zifunika.

Mitengero nayo ili mitundu iwiri, ndipo wofuna kuigwira bwino ayenera kudziwa mphamvu ya mtundu uliwonse. Ya timizere tiwiri imaletsa shell kumasulira zizindikiro zambiri, koma imaisiyirabe ufulu pa chizindikiro cha dola ndi zina zochepa. Kotero kuti fayilo yotchedwa ngongole $50.txt ikakutidwa m'mitengero yotere, shell idzawerenga $5 ngati dzina la mawu osungidwa, ndipo posapeza kanthu idzangochotsapo, dzina nkusanduka ngongole 0.txt. Ya kamzere kamodzi, imene pakiyibodi ndi batani lomwe lija la nkhodolero, imatseka zonse osasiyako, koma pa chifukwa chomwecho siingasunge nkhodolero m'kati mwake. Mlembi wa Chichewa asunge ichi pamtima: dzina la nkhodolero lifuna mitengero ya timizere tiwiri, dzina la dola kapena mfuuliro lifuna ya kamzere kamodzi, ndipo dzina lokhala ndi zonsezi lifuna kamzere kopendekera kumbuyo patsogolo pa chizindikiro chilichonse. Palinso dzina loyamba ndi mdulamawu, monga -lipoti.txt, limene mitengero silithandiza konse, popeza amene amasokonezeka nalo ndi mv mwini wake, amene amayesa mawu onse oyamba ndi mdulamawu kuti ndi malangizo a kagwiridwe ka ntchito. Pamenepo munthu amalemba midulamawu iwiri payokha, mv -- -lipoti.txt lipoti.txt, kusonyeza kuti malangizo atha ndipo zotsatira zonse ndi maina. Kapena amalitchula fayilolo ndi malo ake, ./-lipoti.txt. A ku Windows nawo ali ndi lamulo lawo la ren, limene limafunanso mitengero dzina likakhala ndi mpata, ndipo mu PowerShell mawu akuti -LiteralPath amagwira ntchito yomweyo yoletsa kumasulira. Zonsezi munthu akhoza kuziphunzira masana amodzi.

Chovuta chenicheni chili pa zizindikiro zimene maso amaziona ngati chimodzi pamene makina amaziwerenga ngati ziwiri. Mndandanda wa ASCII, umene udakhazikitsidwa ku America mu 1963, uli ndi malo 128 okha, ndipo w wathu wa kadenga mulibemo. Malo ake adawapeza mu Unicode, imene idatuluka koyamba mu 1991 ndi cholinga chopatsa nambala chilembo chilichonse cha anthu a pansi pa thambo. Ndipo mu Seputembala 1992 Ken Thompson yemwe uja pamodzi ndi Rob Pike adakonza UTF-8, njira yosungira nambalazo imene dziko lonse likuitsata lero. Komabe mu Unicode momwemo ŵ amalembeka pawiri: ngati chilembo chimodzi chathunthu cha nambala U+0175, kapena ngati w wamba wotsatiridwa ndi kadenga kapadera, ndipo madisiki a Apple a mtundu wa HFS+ ankasunga maina m'njira yachiwiriyi pamene Linux imasunga monga yalandirira. Nkhodolero nayo ilipo yowongoka, imene imachokera pakiyibodi, ndi yopindika, imene pulogalamu ngati Microsoft Word imaika yokha munthu akamalemba. Motero m'foda imodzi mukhoza kukhala mafayilo awiri ooneka ngati a dzina limodzi, ndipo wolemba lamulo, ngakhale ataika mitengero mosalakwitsa, amauzidwa kuti fayilo yoteroyo kulibe, iye akuiona ndi maso ake. Nthawi zinanso dzina lolembedwa mu UTF-8 likawerengedwa ndi mndandanda wakale wa Windows, Malaŵi amasanduka MalaÅµi, ndipo ng'ombe ya nkhodolero yopindika imasanduka ngâ€™ombe, mawu amene palibe lilime lingawatchule.

Kuona maso a nkhono nkudekha, adatero akale, ndipo pano mpamene mwambiwu ugwira ntchito. Wodekha amalemba LC_ALL=C ls -b kuti makina amuonetse dzina monga lilili m'kati, ndipo nkhodolero yopindika imaonekera poyera ngati \342\200\231, w wa kadenga wathunthu ngati \305\265, pamene wogawika uja amaoneka ngati w wotsatiridwa ndi \314\202. Akatero wadziwa chimene akulimbana nacho. Akhoza kuika kanyenyezi pamalo pa chilembo chovutacho, atayamba waona ndi ls kuti kagwira fayilo imodzi yokha. Akhoza kufunsa nambala ya fayiloyo ndi ls -i, pakuti fayilo iliyonse ili ndi nambala yake yosadalira dzina, naiitana ndi nambalayo kudzera mu find ndi -inum. Ndipo ngati maina ambiri adasokonekera pa ulendo wochoka m'kompyuta yakale, pali pulogalamu ya convmv imene imawabwezera m'chimake, ndipo mwa chikhalidwe chake imayamba yaonetsa zimene idzachita, osakhudza kanthu kufikira italamulidwa kachiwiri. M'njira zonsezi palibe imene ifuna kuti chilembo chathu chiphedwe.

Asaganize wina kuti kupunthwa pa timipata ndi tizizindikiro ndi matenda a ophunzira okha. Mu Novembala 2001 kampani ya Apple idatulutsa iTunes 2, ndipo m'pulogalamu yoikira munali mzere wofafaniza iTunes yakale umene dzina la disiki silidakutidwe m'mitengero. Ena mwa amene maina a madisiki awo adali ndi mpata adataya zosunga zawo, kampaniyo nichotsa msanga pulogalamuyo ndi kutulutsa yokonzedwa. Mu 2011 olemba Bumblebee, pulogalamu ya pa Linux yothandiza malaputopu a zida za Nvidia, adasiya mpata umodzi wosafunika pambuyo pa /usr m'lamulo lofafaniza, ndipo amene adaiika m'makina awo adapeza foda yonse ya mapulogalamu yasesedwa. Tikaziyang'anitsitsa nkhani ziwirizi, phunziro lake nlimodzi: amene adali ndi disiki ya dzina la mpata sadalakwe kanthu, pakuti adatchula chinthu chake monga makina adamulolera, mlandu udali wa dzanja limene lidalemba lamulo mosasamala. Ngati dziko silidanene kuti eni makompyuta a Apple aleke kuika mipata m'maina, koma lidati olemba mapulogalamu aphunzire mitengero, nchifukwa ninji ife tinene kuti Mchewa aleke nkhodolero?

Otsutsana nane ali ndi mfundo zawo, ndipo sindingazipeputse. Iwo amati fayilo ndi mlendo woyendayenda: lero ili pa Linux, mawa pafulashi, mkuja pa Windows, kenako pa intaneti, ndipo paliponse pali malamulo ake. Nzoona ndithu. Windows imakana zizindikiro zisanu ndi zinayi m'dzina, izi < > : " / \ | ? *, ndipo imakananso maina ena athunthu monga CON, PRN ndi NUL, amene idalowa chokolo kuchokera ku MS-DOS, imene inkalola zilembo 8 zokha ndi zina 3 pambuyo pa mpumiro, kufikira Windows 95 idabwera ndi maina aatali. Muyezo wa POSIX umatchula zilembo zimene zimayenda paliponse mosapunthwa, ndizo A mpaka Z zazikulu ndi zazing'ono, manambala, mpumiro, mdulamawu ndi kamzere kapansi. Amatikumbutsanso kuti ngakhale akuluakulu a maphunziro adagonjapo: mu 2020 komiti ya HGNC, imene imatcha maina tinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa cha makolo, idasintha maina ngati SEPT1 ndi MARCH1 kukhala SEPTIN1 ndi MARCHF1 chifukwa Excel inkawasandutsa masiku a pakalendala. Pa zonsezi ndivomereza chinthu chimodzi mosanyinyirika: munthu akamatcha dzina fayilo yatsopano imene akudziwa kuti idzayenda m'manja ambiri, achita bwino kupewa mfunsiro, kanyenyezi, dola ndi zina zosafunika, kuika kamzere kapansi pamalo pa mpata, ndi kulemba tsiku monga 2024-03-15, kalembedwe kamene kamachititsa mafayilo kundandalikana okha monga mwa nthawi yawo.

Koma mfundo imeneyi ili ndi malire ake. Choyamba, pa zizindikiro zisanu ndi zinayi zoletsedwa ndi Windows zija, nkhodolero palibe, w wa kadenga palibenso. Windows, Linux ndi macOS zonse zimazilandira lero. Chachiwiri, kanyenyezi ndi mfunsiro m'dzina la fayilo ndi zokongoletsa chabe, pamene nkhodolero ya ng' ndi chiwalo cha chilembo, chosonyeza liwu lina losiyana ndi la ng. Taganizirani wosunga nyimbo wa pawailesi kapena wa m'nyumba yosungira za makolo, amene m'foda imodzi ali ndi ng'oma.mp3, kulira kwa ng'oma kojambulidwa pa dambwe zaka zapitazo, ndi ngoma.mp3, gule wa Angoni wojambulidwa kwina. Kubwera mnyamata wachangu, nalemba mizere itatu yochotsa nkhodolero m'maina onse a m'fodamo. Lamulo la mv likafika pa ng'oma.mp3 lidzaitcha ngoma.mp3, ndipo popeza chikhalidwe chake nkusafunsa, lidzaiika pamwamba pa inzake ija mwakachetechete, osachenjeza, osadandaula. Gule wa Angoni wapita, ndipo sadapite kubini kumene munthu angakamutolenso. Fayilo yotsalayo ikunyamula dzina la gule pamene m'kati mwake muli ng'oma za kwina, kotero kuti wofufuza wa m'tsogolo adzanamizidwa osadziwa kuti wanamizidwa. Madzi akatayika saoleka. Kuyeretsa kotereku kwawononga kawiri, kutaya cholembedwa chimodzi ndi kunamizira chinzake, ndipo mnyamatayo apita kwawo ali wokondwa kuti lamulo lake layenda popanda cholakwika.

Chifukwa chake ndinena kuti kusintha maina ochuluka nthawi imodzi kukhale ndi mwambo wake, wosaphwanyika ngati wa shell yomwe ija. Munthu asanakhudze kanthu, ayambe wakopera foda yonse kwina, pa disiki ina. Kenako alembe maina onse akale m'fayilo yapadera, kuti m'tsogolo wofunsa kuti kalata yakutiyakuti idapita kuti adzapeze yankho. Lamulo lake aliyese kaye pouma, ataika mawu akuti echo patsogolo pa mv, kuti makina angosindikiza zimene akadachita, iye naziwerenga mzere ndi mzere ngati wowerenga ndalama za mwini. Pochita zenizeni aike -i, kuti mv ifunse isanakwirire fayilo ina, kapena -n, kuti ikane kukwirira konse. Wogwiritsa ntchito pulogalamu ya rename adziwe kuti pali mapulogalamu awiri a dzina limenelo, ina yolembedwa mu Perl imene imapezeka kwambiri pa Debian ndi Ubuntu, ina ya mu util-linux imene imabwera ndi Fedora, ndipo kalankhulidwe kawo nkosiyana. Kotero lamulo lotoledwa pa intaneti lisathamangitsidwe mwini asanafunse makina ake kuti ali ndi iti, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo wolemba mizere yodutsa m'mafayilo ambiri akute m'mitengero dzina lililonse losungidwa, monga "$f", nagwiritse ntchito find ndi -print0 pamodzi ndi xargs -0, njira imene imalekanitsa maina ndi chizindikiro cha NUL chija, chokhacho chimene sichingapezeke m'dzina kapena m'njira ya fayilo. Amene atsata izi akhoza kusintha maina zikwi khumi, mtima uli m'malo.

Wina adzati ndakulitsa nkhani yaing'ono. Ndimuyankha kuti kalembedwe ka chinenero sikatha ndi lamulo la boma kapena chigamulo cha akatswiri, kamatha ndi timazolowezi ta tsiku ndi tsiku ta anthu olemba. Chichewa chidakwezedwa kukhala chinenero cha fuko la Malawi mu 1968. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972 kuti lilongosole malamulo a kalembedwe, ndipo kuyambira 1996 ntchitoyo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Aphunzitsi a m'mapulaimale akhala akutuluka thukuta kuphunzitsa ana pamene nkhodolero ikhala ndi pamene siikhala. Nanga mwana yemweyo akafika ku koleji, nauzidwa ndi mphunzitsi wa zamakompyuta kuti nkhodolero ndi chinyalala chosokoneza makina, adzamvera uti? Chizolowezi choyambira m'dzina la fayilo sichithera pomwepo. Chimalowa m'kaundula wa ophunzira, m'mndandanda wa odwala, m'ziphaso, mpaka munthu amene dzina la makolo ake lili ndi ng' amalipeza litalembedwa mwina pa pepala ili ndi mwina pa pepala ilo, nayamba kuyenda m'maofesi kutsimikizira kuti ndi yemweyo. Amang'anja a m'chigwa cha Shire sangakhale Amanganja chifukwa cha ulesi wa wolemba pulogalamu, ndipo abale athu olankhula Chitumbuka, amene ŵ ali m'mawu awo a tsiku ndi tsiku monga ŵanthu, ali ndi chifukwa chachikulu koposa chokanira kuyeretsa kotereku.

Nkhondo imeneyi si yathu yokha. Mu 2024 khonsolo ya North Yorkshire ku England idalengeza kuti zikwangwani zatsopano za misewu zizilembedwa popanda nkhodolero pofuna kupewa mavuto m'makompyuta osungira maina a malo, ndipo eni dera adadandaula poyera, kunena kuti chinenero chawo sichiyenera kuduka chiwalo chifukwa cha makina. Ngati eni Chingerezi, chimene makina onsewa adawumbidwira, aima nji pa kachizindikiro kamodzi, kuli bwanji ife amene zilembo zathu zidalowa mochedwa m'mindandanda ya makina, ndipo zolembedwa zathu pa intaneti nzochepa kale? Anthu olankhula Welsh nawo ali ndi ŵ m'kalembedwe kawo, ndipo chilembo chimene iwo amagwiritsa ntchito ndi chomwecho cha nambala U+0175 chimene ife tili nacho. Malo athu m'makina alipo, adakonzedwa kale zaka zoposa makumi atatu zapitazo. Chotsala nchakuti tiwakhale.

Tsono ndipempha magulu atatu. Inu aphunzitsi a zamakompyuta m'masukulu a sekondale ndi m'makoleji, pophunzitsa lamulo la mv musangopatsa ana maina osalala a Chingerezi, apatseni ng'ombe.txt, m'mudzi mwathu.txt ndi Malaŵi.txt pa tsiku loyamba lomwe, kuti apunthwe ali pamaso panu ndi kuphunzira mitengero manja akadali ofewa. Inu olemba mapulogalamu a m'mabanki, m'zipatala ndi m'maofesi a boma, musanapereke ntchito yanu iyeseni ndi maina athu enieni, a nkhodolero ndi a kadenga, ndipo ikagwa, konzani pulogalamuyo, dzina mulisiye. Inunso akuluakulu oyang'anira zosungidwa, ngakhale simudziwa kulemba lamulo ndi limodzi lomwe, muli ndi mphamvu yofunsa mafunso atatu wantchito wanu asanayambe kusintha maina: kodi kope lina lili kuti, mndandanda wa maina akale uli kuti, ndipo wayesa kaye pouma? Akalephera kuyankha limodzi mwa atatuwa, asakhudze fodayo. Nkhodolero ilibe mlandu, ndipo kuisunga kumangofuna mitengero iwiri ndi mtima wodekha.